Makiyi a Ambuya Anapita Nawo

Ndinadzuka tambala asanalire, nthiti zikuwawa chifukwa chogona pansi pafupi ndi moto wa maliro. Mphepo ya Juni ku Chongwe ilibe chisoni. Azibambo anali atadzikulunga m'mabulangete panja, azimayi ali m'chipinda chodyera alendo mozungulira bokosi, nyimbo zitawathera pakhosi. Ndinapisa dzanja m'thumba. Makiyi anali momwemo.

Ambuya, amayi a amayi anga, ankayendetsa nyumba yawo ya alendo ngati kampu ya asilikali. Mowa ayi, akazi a m'njira ayi. Oyendetsa malole a ku Chipata ankavula nsapato pakhomo ngati ana. Ine anandichotsa sukulu kuti ndizitungira alendo madzi osamba, ndipo khofi la Ambuya ndikulimva patsaya mpaka lero. Sindinawalire, sindingakunamizeni. Koma atadwala, makiyi a zipinda zonse anawamasula m'chiuno n'kuwaika m'manja mwanga, osati mwa mwana wawo wamwamuna.

Kutacha, azimayi anasonkha moto kuseri n'kutereka nyemba ndi kabichi m'migolo. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Kanakantapa, a kwaya wapansi. Amalume, mwana wamwamuna uja, anatsika m'minibasi ya ku Lusaka. Ambuya ali chigonere sanabwereko ngakhale kudzazonda. Tsikulo anabwera ndi akazi awo komanso bambo wina wa jekete lachikopa, amene sanalowe n'komwe kukaona nkhope. Iye anangozungulira nyumba akugogoda makoma. Aliyense anadziwa kuti ndi wogula, ndipo akufuna kutsegula bala. Ine ndi amayi tikanapita kuti?

"Iwe, nipase makiyi," anatero amalume. "Akazi anga afuna kupumulako pa bedi."

"Pa bedi, amalume? Amai anu ali m'bokosi apa, anthu onse agona pansi?"

Ananditcha galu wosaphunzira. Ndinatola chikuni, koma amayi anandigwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

Masana tinanyamula bokosi kupita kumanda, kudutsa m'minda ya mapesi ouma. Mphepo inkatiwaza fumbi m'maso. A kwaya ankaimba kutsogolo, kumbuyo anthu akunong'onezana za makoma ogogodedwa. Amalume anandiyandikira n'kunena chapansipansi kuti tikangobwerera, akuluakulu andilanda makiyiwo. Sanali kunama. Mwana wobereka ndi iwo, ine ndine mdzukulu chabe.

Katekisiti atamaliza pemphero, okumba manda anatsitsa bokosi n'kuyendetsa fosholo ya dothi kwa abale. Amayi anatapa n'kuponya. Amalume anaponya ndi nsonga za zala. Itafika pa ine, ndinatapa dothi ndi dzanja lomwe munali makiyi, n'kuponya zonse pamodzi. Makiyi analira ngwee pa bokosi, ndipo nyimbo inaduka.

"Tsika utenge!" anakuwa amalume.

Mkulu wa okumba manda anawatchinga ndi mpini wa fosholo. "Chagwera m'manda n'cha mwini manda," anatero, n'kuuza anzake kuti akwirire.

Kunyumba akuluakulu anandikalipira pamaso pa anthu. Amalume anafuna nyundo yothyolera maloko, koma panalibe amene anawabwereka. Wa jekete uja anali atakwera kale minibasi. Ndani angagule nyumba imene mwini wake wagona ndi makiyi pachifuwa?

Madzulo anthu anabalalika, moto unazima. Ine ndi amayi tinayala mphasa m'khitchini, momwe munalibe loko. Amayi anagona atandifulatira. Zitseko zonse za zipinda zinali zotseka, bwalo lili zii. Lole ina inaima pamsewu, woyendetsa n'kubwera kudzafunsa malo ogona. Ndinamuuza kuti eni ake achokapo ndi makiyi. Atapita ndinabwerera pakhomo, n'kuvula nsapato ndisanalowe.