Mpoza wa M'kati mwa Mpanda wa Eni

Pa Chonde pamene ndinakulira ine si pamene mukupaona lero. Nthawi imeneyo panali timagolosale towerengeka, chigayo chimodzi chongokhalira kuwonongeka, ndi msika wodzaza pa tsiku lake lokha. Kuseri kwa msewu kunali minda ya nandolo ndi chinangwa mpaka kukafika kudambo. Munthu akati akupita ku Blantyre tinkamuperekeza mpaka pamsewu, n'kumutuma sopo. Amuna ambiri ankagwira ntchito m'maesiteti a tiyi, ndipo bambo a kunyumba kwanga ankabwera Loweruka lokha.

Kenaka kunabwera anthu a m'tauni. Anaona kuti lendi ya ku Blantyre ikuwapweteka, pamene kuno malo alipo, minibasi zili mbwee, phiri kuliona ulele. Anayamba kugula mapuloti mmodzimmodzi. Minda yathu inasanduka maenje oumbira njerwa, kenaka nyumba za malata, kenaka mipanda italiitali ya mageti achitsulo. Lero ndili ndi anansi amene ndimangowadziwira kumsana. Amatuluka m'mamawa kuthamangira minibasi, n'kubwera madzulo atanyamula jumbo ya buledi, moni wake wa m'njira. Sindikudandaula kwenikweni ayi. Magetsi anafika, mpopi uli pafupi, ndipo tomato wanga saolanso pabenchi.

Koma panali chigawo chimodzi, kumunsi kwa munda wa amayi anga, chimene ndinkapemphera kuti chisadzagulitsidwe.

Mwana wanga woyamba anabadwa atafa kale. Kwathu kuno mwana wotere timati mtayo. Samulira maliro, sakhomerwa bokosi, sapita kumanda a akuluakulu. Amakamuika ndi amayi okhaokha mwakachetechete, amuna sapondako, ndipo ngakhale bambo a mwanayo sauzidwa malo ake. Ine ndinali chigonere m'nyumba, sindinapite nawo. Patapita miyezi, tikuthyola nandolo, amayi anga aang'ono anandikodola n'kundilozera ndi mlomo kamtengo ka mpoza kumunsi kwa mundawo.

"Ndi pamenepo, mwanawe," anatero. "Kanali kamkazi. Wapaona, basi. Usakazilankhulenso."

Sindinazilankhuledi. Ndinabereka ana ena anayi, onse ali moyo, koma chaka ndi chaka ndikamalima ndinkaulambalala mpozawo, mizere yanga n'kukhota pamenepo. Alongo anga ankandiseka kuti ndimalima ngati ndalawa kachasu.

Alongo anga omwewo ndiwo anagulitsa chigawocho. Amayi atamwalira, iwo ndiwo anatsala eni mbumba, ndipo abale anagwirizana zogulitsazo pa msonkhano umene ine ndinangokhala duu. Ndikanati chiyani pamaso pa amuna onsewo? Ndinawakwiyira alongo angawo mwezi wathunthu, moni wanga wa m'mphuno, pamene iwo sankadziwa n'komwe chimene alakwa. Amayi onse amene anakaika mwana uja anali atatisiya. Wodziwa ndinatsala ndekha.

Tsiku lina masana ndinatsikira kumeneko, ndinapeza amisiri atakhoma zikhomo ndi kukoka zingwe. Nyumba yeniyeniyo anaiyeza chakumtunda, imeneyo sinandivute. Koma panali kachingwe kena kozinga mpoza uja mbali zonse zinayi. Ndinafunsa mmisiri wamkulu, bambo wa ndevu za imvi, kuti apa pakhala chiyani.

"Apa mayi ndi dzenje la chimbudzi cha madzi. Mawa tigwetsa kachitsambaka, tiyambe kukumba."

Mwana wanga, dzenje la chimbudzi! Ndinafuna kuzula zikhomozo n'kuziponya kudambo, koma ndikanazula, akanandifunsa chifukwa, ndipo kuuza mwamuna nkhani imeneyi pakamwa panga pankakana. Ndinangofunsa kuti mwini wake ndingamupeze kuti.

"Akuchita lendi kuseri kwa msika podikira nyumbayi," anatero mmisiriyo. "Koma simungawapeze mayi. Amagwira ntchito ku Limbe, amanyamuka ndi minibasi yoyamba. Ngakhale ife timangolankhula nawo pafoni."

M'mawa mwake ndinavala chitenje changa cha kutchalitchi n'kukaima pa siteji. Mwini pulotiyo ndinali nditamuonapo kamodzi tsiku loyeza malo, mayi wamfupi wa magalasi, wamng'ono kwa ine ndithu. Nditamuona akukwera ndinamutsatira, ndipo ndinachita kukankha bambo wina ndi chigongono kuti ndikhale naye pafupi. Anatipanikiza anayi pampando, thumba la chinangwa pamapazi, kondakitala atatiweramira pamutu. Amenewo si malo olankhulira zachinsinsi, koma kumudzi amisiri anali akutenga kale mapiki awo.

"Pepani amayi," ndinatero, "ine ndine mnansi wanu wa kumene mukumanga kuja."

"Oo, mwadzuka bwanji amayi? Kodi amisiri aja alowerera malire?"

"Iyayi, malire ali bwinobwino. Ndi nkhani ya ife amayi."

Ndinamuyandikira kukhutu n'kunena kuti pansi pa mpoza paja pagona mtayo wanga. Mawu amene ndinawasunga zaka zoposa makumi atatu anatha m'kamphindi chabe. Mayiyo anangoyang'ana kunja pawindo, ine mumtima n'kumati basi, anthu ophunzirawa, andiyesa wamisala kapena wofuna kuwalanda malo. Mtima wanga ndi wapachala, ndikuvomera. Ndinali nditayamba kale kukonza mawu oti ndimulalatire minibasi yonse ikumva, mwambo uzipita uko.

Iye anatulutsa foni m'chikwama.

"Bambo, mwayamba kukumba? Ayi, imani kaye. Mtengo uja musaukhudze. Dzenjelo mulisunthire kumbuyo, cha kumpanda."

Ndinkamumva mmisiri uja akudandaula m'fonimo kuti ndiye kuti pafunika mapaipi ena aatali.

"Mapaipi ndigula. Mtengowo ndaukonda ine, basi. Pali vuto munthu kukonda mtengo wa papuloti pake?"

Sanamuuze china chilichonse. Anatseka foni n'kuibwezera m'chikwama ngati wangoitanitsa mchenga. Ine ndinapuma mpweya wautali moti bambo ndinamukankha uja anandicheukira. Mtima unakhala pansi, mapewa anapepuka, ndipo ndinachita manyazi ndi mawu okalipa aja amene ndinali nditawakonza. Ndinamvanso njala, poti dzulo lake sindinalawe kanthu.

Mpaka lero mpozawo ulipo. Nyumba inatha, mpanda anamanga, mtengowo unatsala m'kati, ndipo pansi pake amasesa. Chakumbali kuli kageti kakang'ono kamene masana satseka, ndipo ndikafuna ndimalowa osagogoda. Alongo anga amapukusa mutu akamadutsa, amati anthu a m'tauni ndi odabwitsa, kuwononga mapaipi chifukwa cha mpoza. Ine ndimangowavomereza kuti eya, ndi odabwitsadi.

Koma tsiku lija ulendo unali usanathe. Ku Limbe ndinalibe chochita chilichonse, ndinangopita nawo poti ndinali nditakwera kale. Titatsika, pakati pa phokoso la oitanira minibasi ndi ogulitsa malonda, mayi uja anandigwira dzanja n'kundikokera pambali. Ndinkayesa akufuna kunditsanzika poti anali akuchedwa kuntchito. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulauzi.

"Wanga ine sindidziwa kumene anakamuika," anatero motsitsa mawu. "Sanandilozere. Nanga wanu, amayi, anali mwana wanji?"

Zaka zonsezo palibe anandifunsapo funso limenelo, ngakhale bambo a kunyumba kwanga mpaka kumwalira kwawo.

"Kanali kamkazi," ndinatero.

Kanali koyamba kuti ndinene mawu amenewo ndi pakamwa panga, ndipo ndinawabwereza kachiwiri mokweza.