Akodiyoni Imene Ndinaichiritsa

Chaka chimene ndinkamaliza maphunziro ku Coventry ndinkakhala nyumba imodzi ndi dokotala wina wa ku Iguputo, wogwira ntchito pachipatala cha ku Walsgrave. Anali munthu wofatsa, wamkulu kwa ine. Nditadwala chibayo m'nyengo yozizira, ndi adokotalawa amene ankandiphikira supu ndi kundimwetsa mankhwala.

Atawatumiza ku Stoke kwa mwezi umodzi, anandisungitsa akodiyoni yawo, chida choimbira chochita kukoka ndi kukankha, chifukwa chipinda chawo chinkachita chinyontho. Ine zala zimandiyabwa. Kwathu ndinkaimbira kwaya ya mpingo, ndiye tsiku lomwelo ndinaitulutsa m'bokosi. Do, re, bwinobwino. Kufika pa mi, aa! Pokoka inkalira bwino, koma pokankha inkatsika pang'ono, ngati munthu wachimfine. Ti nayenso chimodzimodzi.

Ndinati mpata wobwezera zabwino ndi umenewu. Ndinakwera nayo sitima mpaka ku Birmingham, kwa mzungu wina wachikulire wokonza zida zoimbira. Ataitsegula, anayang'anitsitsa timalata tolira tam'kati.

"Apa wina anapala dala," anatero. "Mwini wake akudziwa kuti mwabwera nayo?"

Mtima unandipsa. Ndinaona ngati akundiyesa wakuba, kapena mbuli ya nyimbo. "Bambo, mi ndimamudziwa kuyambira ndili mwana. Ingokonzani basi." Anapukusa mutu, koma anakonza. Safunsa anadya phula, nanga ine amene ndinachita kufunsidwa n'kukana kumva?

Adokotala anabwera Loweruka masana. Tinakhala m'khitchini n'kumamwa tiyi, ine ndikumwemwetera ndekha ndi chinsinsi changa. Pofuna kuyambitsa nkhani ndinafunsa kumene anaigula akodiyoniyo.

"Sindinagule. Inali ya malemu bambo anga, ankaimba nayo m'maukwati." Anaika kapu pansi, nkhope itawala. "Kwathu nyimbo timaimanga ndi tizidutswa, m'bale wanga. Mawu atatu kapena anayi, ndiko kachidutswa kamodzi, kenaka timalumikiza kena pamwamba pake. Ndipo mawu athu ena amakhala pakati pa kiyi yoyera ndi yakuda, pamene azungu alibe kanthu. Akodiyoni ikamachokera kufakitale imakhala ilibe mawu amenewo. Bambo anachita kupala okha ndi tupa, akuyesa ndi khutu."

Nanenso ndinaika kapu pansi.

"Koma aliyense wodziwa akhoza kupala chimodzimodzi?" ndinafunsa.

"Ayi ndithu. Mawu amenewa alibe muyeso umodzi. Woimba wa ku Siriya amawaika pena, wa kwathu pena. Pamene anawaika bambo ndi pawo pokha. Ndikakankha kiyi imeneyo ndimawamva iwowo. Kaitengeni mumve nokha."

Mayi ine! Ndinakwera masitepe kukaitenga. Ndinaganiza zonamizira chinyontho, ndinaganiza zonena kuti loko wa bokosi wakana. Ndinachita mantha enieni, thukuta lili kamukamu kunja kukuzizira. Koma ndinatsika nayo.

Adokotala anaikoleka pamapewa, natsinzina. Anakoka, inalira. Anakwera mawu awiri, nakankha kiyi yachitatu. Anaima. Anakankhanso. Mi anatuluka woyera, woongoka, wa m'kwaya yathu. Anathamangira pa ti, nayenso yemweyo. Anatsegula maso n'kundiyang'ana.

Ndinaulula zonse: sitima, mzungu uja, chenjezo lake, ndi mwano wanga. Ndinkafuna andikalipire, ngakhale kundimenya kumene, koma iwo anangosiya chala chili pakiyi.

"Pepani, adokotala. Lolemba m'mamawa ndibwerera nayo kwa mzungu uja. Akatsitsanso mmene zinalili."

"Akatsitsa mpaka pati?" anafunsa motsitsa mawu. "Akamuuza ndani?"

Kenaka anati dikirani, mwina mawu a bambo akadali m'mutumu. Anatsinzinanso n'kuyesa kuwaimba mawuwo ndi pakamwa. Anaimba kamodzi, napukusa mutu. Anakwezako pang'ono, napukusanso. Kachitatu anatsitsa, namvetsera nthawi yaitali.

"Sindikudziwa," anatero. "Zaka zonsezi sindinawasunge. Ndinkadziwa kuti ali m'bokosimu."

Anamanga malamba ake, naibwezera m'bokosi. Kenaka anatsuka kapu yawo ndi yanga yomwe, nakwera kuchipinda kwawo ataikumbatira pachifuwa. Tinakhalanso limodzi miyezi isanu. Moni ankandipatsa tsiku lililonse, koma akodiyoni sinalirenso m'nyumba ija.