Namgumi wa Makoko a Chimanga

Felesiya Namakhwa anayamba kugwira choko mu 1994, chaka chimene sukulu inakhala yaulere. Anangomuphunzitsa masabata awiri, basi, n'kumutumiza ku sukulu ina ya mpingo pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Anamupatsa Sitandade 3, ana oposa zana, pansi pa mkuyu. Ena mwa anawo anali a ndevu zawo.

Ntchitoyo anaigwira ndi manja awiri. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Phalombe, ndipo iye anakulira m'zigafa za fodya za eni ake. Zobwererako sankafuna n'kuzimva komwe.

Tsoka lake linabwera ndi phunziro la nyanja yamchere. M'buku limodzi lokha limene kalasilo linali nalo munali chithunzi cha namgumi, chaching'ono ngati chala. Nanga mwana wodziwa madzi a padambo okha ungamuuze bwanji kuti kuli chinyama cha m'madzi choposa lole, choyamwitsa ngati ng'ombe? Felesiya mwini wakeyo nyanjayo anali asanaionepo.

Ndiye anapeka sewero. Anathira phulusa mozungulira bwalo: m'kati nyanja, kunja mtunda. Ana ena anakhala tinsomba, ena nkhanu zoyenda cham'mbali, ena akamba okwawira kumtunda kukaikira mazira. Kansomba kodumpha phulusa kankagona pansi, kafa. Chinasowa ndi namgumi.

"Madamu, ameneyo tisiyireni ife," anatero Efulemu ndi Jeremiya, anyamata aakulu kwambiri m'kalasimo.

Lolemba anabwera naye. Anali wa nsungwi ndi makoko a chimanga, wotalika ngati ngolo ndi ng'ombe zake. Analowamo awiriwo, namgumi n'kuyamba kuyenda, akudzutsa mutu kuti apume mpweya. Tinsomba tinabalalika tikukuwa ndi chisangalalo. Tsiku limenelo palibe mwana anasinza, ndipo Felesiya anaseka mpaka misozi.

Amayi ochokera kuchigayo ataona zimenezo anataya madengu, liwiro. Apa m'pamene Felesiya, mlendo m'dera la Achewa, anazindikira kuti zinthu zalakwika. Chimene anyamatawo analuka chinali chilombo cha gule wamkulu, chongowonjezera mchira wa nsomba. Manja awo sankadziwa kaluko kena kuposa ka kudambwe, kumalo obisika a gule.

Lachitatu kunali msonkhano mu ofesi ya a hedi, a Zakeyu. Akulu a mpingo ankati Felesiya walowetsa gule pa sukulu ya Mulungu. Akuluakulu a kudambwe ankati waonetsa ana osavinidwa anthu akulowa m'chilombo dzuwa likuswa mtengo. Anthu amene sankamwera chikho chimodzi, tsiku limenelo anagwirizana bwinobwino.

"Mayi Namakhwa, inu ndinu mlendo, simunadziwe," anatero a Zakeyu. "Ingotiuzani amene anamanga, nkhani ithe."

Felesiya ankadziwa mathero ake. A mpingo akanawachotsa sukulu anyamatawo, sukulu imene anaidikira mpaka kumera ndevu. Za kudambweko palibe ankazitchula, ndipo kusatchulako n'kumene kunkamuopsa kwambiri. Ana aang'ono, ngakhale anaona zonse, anali atatseka pakamwa ndi mantha.

"Ndinamanga ndekha, a hedi."

Mkulu wina wa kudambwe anatuluka, n'kubwera ndi nsungwi yong'amba ndi makoko angapo. Anaziponya pamapazi pake.

"Lukani tione, amayi."

Anayesa. Nsungwi inamucheka chala, makoko akungoyoyoka. Ena anaseka, ena anayang'ana kumbali.

"Mwana wanga," a Zakeyu anatsitsa mawu, "ntchito ikupitatu iyi."

"Ndinamanga ndekha."

Namgumi anatenthedwa madzulo omwewo kuseri kwa sukulu, ndipo kalata yomuchotsa ntchito Felesiya inafika mwezi usanathe.

Tsiku lochoka anasenza chikwama chake kulowera kumsewu wa ku Mitundu. Pa mlatho anakumana ndi Efulemu ndi Jeremiya akupita kusukulu, makope m'manja. Pafupi pomwepo panali anthu akuchapa njinga. Anyamatawo anamuona, n'kuweramitsa mitu. Felesiya anamvetsa kuti moni wokha ukanawaulula, ndiye naye anayang'ana kutsogolo.

Anadutsana ngati sadziwana.