Nyemba Zimene Tinadya Pamaliro a Gilibati

Pamsika wa Nathenje pali nyemba zofiira za timadontho toyera zimene amayi amazitcha gilibati. Ambiri ozigula sadziwa kuti limeneli linali dzina la munthu. Ine ndinawadziwa a Gilibati, ndipo ndine ndinalalikira pamaliro awo. Ndikulemba izi kuti chifundo cha Mulungu chisaiwalike pakati pathu.

Anabadwira m'mudzi wina kufupi ndi Mitundu. Atate awo, a Esau, anapita ku nkhondo yaikulu ya azungu, nabwerako ndi chifuwa chosapola. Za kunkhondoko sankazikamba, koma mfuti ya mlenje ikalira cha ku Dzalanyama ankagwetsa khasu n'kukhala pansi. Mwanayo anakula akuona zimenezi, ndipo anadana nayo nkhondo kuyambira ali wamng'ono.

Mulungu anawapatsa a Gilibati mutu wa sukulu. Ataphunzira kufikira kutali, anabwerera kudzaphunzitsa pakoleji ya zaulimi ya kwathu kuno, nayamba kufufuza za nyemba. Masiku amenewo mvula ikachuluka, nthenda ina inkawaula masamba, ndipo mayi ankakolola zosadzaza lichero m'munda wonse. A Gilibati ankayenda panjinga mudzi ndi mudzi kupempha nyemba zodzaza dzanja kwa mayi aliyense. Anthu ankawaseka. A Kuluthumu, mkazi wa a Mfaume a golosale ya pa Nathenje, anawafunsa tsiku lina pamaso pa anthu kuti, “Aphunzitsi, kodi boma lasiya kukulipirani? Munthu wa tayi n'kumapempha ndiwo ngati wamasiye!”

“Mayi, ndipatseni chabe,” anayankha iwo akuseka, “ndidzabweza ndi ana ake omwe.”

Zaka zinapita akubzala, akusankha, akubzalanso, kufikira anapeza mbewu imene nthenda ija inkailambalala. M'chaka cha 1970 anatumizidwa ku Amereka kukapitiriza maphunziro. Mbewuyo anaigawa pawiri. Ina anapita nayo kuti akaiyeze kumeneko, ina anaisakaniza ndi phulusa poopa anankafumbwe, naisiya m'thumba kwa mlongo wawo, a Martina.

“Mlongo wanga, izi si ndiwo,” anatero. “Ngakhale alendo achokere kuti, muwaphere nkhuku. Mvula ikagwa ine ndisanabwere, mudzabzale.”

“Nkhukuzo mudzabweza ndinu, achimwene,” anatero a Martina. Thumbalo analiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda.

Dziko limene anapitalo linali pa nkhondo ndi dziko lina lakutali, ndipo achinyamata ambiri a m'masukulu ankaikana nkhondoyo. Ena mwa iwo anamva kuti m'nyumba ina ya pasukulu yaukachenjede imene a Gilibati ankaphunzirapo munkachitika ntchito yothandiza asilikali. Anatchera bomba m'galimoto pafupi ndi khoma, tsiku la Mulungu m'mawa, poganiza kuti mulibe munthu. Koma a Gilibati anali m'chipinda chapansi. Anadzera kudzathirira mbande zawo asanapite kutchalitchi. Odana ndi nkhondo anapha munthu wodana ndi nkhondo, ndipo mbewu imene anapita nayo inapsera momwemo.

Bokosi la maliro linafika kumudzi kwawo m'mwezi wa Okutobala lili lokhoma, ndipo sitinaone nkhope. Masiku amenewo munthu sankafunsa mokweza za imfa yokhudza ndale, ngakhale ndale za dziko la eni. Tinangolira. Anthu anabwera ochuluka kuposa amene mudziwo unawaonapo: a kukoleji, a mpingo, a Mfaume ndi abale awo a Chisilamu, ndi amayi onse aja anapemphedwa nyemba.

Mwambo wathu mukuudziwa. Pamaliro chakudya chilichonse cha m'nyumba ya ofedwa ndi cha olira, ndipo namfedwa safunsidwa. Ndiwo zitaperewera, amayi ophika analowa m'nyumba ya a Martina, napeza thumba kuseri kwa chitseko. Anapeta phulusa, natsuka, natereka. Anachita zimene amayi awo anawaphunzitsa. Tonse tinadya, ndipo ena anayamikira kuti nyembazo zinapsa msanga.

A Martina anazindikira titabwerako kumanda, ataona thumba lopanda kanthu litayanikidwa pampanda. Analira kulira kumene sanalire ngakhale pamene bokosi linkatsika.

“Mwandidyera achimwene! Anandiuza kuti si ndiwo!”

Mmodzi wa ophikawo, a Zipora, anagwada nati, “Pepani, asisi. Tikanadziwa bwanji? Nyemba ndi nyemba. Kodi tikanawabweza anthu ndi njala pamaliro a munthu wamkulu chonchi?”

Anthu anandiitana kuti ndiwatonthoze a Martina. Ndinawauza kuti ntchito ya wolungama Mulungu saitaya, ngakhale ife sitiona kumene waisunga. A Martina anandiyang'ana nati, “Abambo, mawu amenewo ndikawabzale pa mzere uti?” Funsolo linali loona. Chinthu chimodzi chimene mbale wawo anawasungitsa chinali chitapita, ndipo kwina kulikonse kunalibe.

Mvula inagwa mu Novembala. M'mawa wina a Martina anapita kukataya zinyalala kudzala kuseri kwa khitchini, ndipo anaima osataya. Pamulu wa phulusa lija amayi anapeta panali patamera timbande ta nyemba towerengeka. Popeta mofulumira ndi m'chipwirikiti cha maliro, njere zina zinagwera limodzi ndi phulusa, ndipo phulusalo linazisunga. Anatumiza uthenga kwa ine pa Nathenje. Nditafika ndinawapeza akutchinga malowo ndi minga, a Zipora akuwathandiza, aliyense akukalipira mbuzi za mnzake.

Chaka chimenecho mvula inachuluka, ndipo nyemba za m'minda yoyandikana zinawauka. Za padzala zinabereka, ndipo zinatuluka zofiira za timadontho toyera. A Martina sanaphike ngakhale njere imodzi. Anabzalanso, nabzalanso, ndipo atadzaza dengu anabwera nalo kutchalitchi pa tsiku la zokolola. Anapempha kuti zisagulitsidwe, koma mayi aliyense atenge zodzaza dzanja. Zina anapita nazo yekha kwa a Kuluthumu, nawauza kuti, “Achimwene anati adzabweza ndi ana ake omwe. Landirani.” A Kuluthumu anazilandira ndi manja awiri, nafunda mpango kumaso.

Achinyamata aja sindinawadziwe mayina. Ndimawapempherera, pakuti sanafune kupha, ndipo katundu amene anasenza ndi wolemera. Koma ndikadutsa pamsika n'kumva mayi akunena kuti, “Ndipimireni gilibati,” ndimavula chipewa, ndi kuyamika Iye amene anasunga mbewu pamalo otayira zinyalala. A Martina akalamba tsopano. Mbewu yawo amaisunga m'nyumba zitatu, ndipo m'mudzi mukagwa maliro, asanayambe kulira amayamba atulutsa thumba.