Waya Amene Mlamu Wanga Anakumba Anthu Akuona

Inu amene munalakwitsa ntchito ndipo mumazemba msewu umene munalakwirako, mverani za mlamu wanga, mlongo wake wamng'ono wa malemu mkazi wanga.

Tsiku limene akuba anatenga makina awiri osokera a mkazi wanga, masanasana ife titachokapo, mlamu wangayo anaima pageti pathu atazyolika. Amene anatiikira belu lochenjeza za akuba ndi iyeyo, ntchito yake yoyamba atamaliza sukulu ya zamagetsi. Geti linatsegulidwa, belu osalira.

"A Injiniya," anatero mayi woyandikana nafe, "belu lanu ndi laulemu bwanji! Silisokoneza alendo."

Anthu anaseka. Iye anangoyang'ana nsapato zake.

Pageti pamakhala tizidutswa tiwiri togundana, kena kali ndi maginito. Geti likatseguka timasiyana, magetsi amaduka mu waya, belu n'kulira. Mlamu wanga anagwiritsa ntchito waya wopyapyala wa m'nyumba, namukwirira m'dothi wopanda paipi, polumikiza atangokulunga tepi. Mvula itabwera, polumikizapo panadyeka, belu linayamba kulira lokha kangapo patsiku.

Titamuitana, anachita manyazi kukumba ntchito yake anthu akuona. Anatsegula bokosi la belu pakhoma la m'nyumba, n'kulumikiza mawaya awiri a pageti momwemo. Kuyambira pamenepo, bokosilo linkaona ngati geti ndi lotseka nthawi zonse. "Ndakonza," anatero.

Palibe ankadziwa zimenezi. Koma patapita masiku atatu chichitikireni zakubazo, anabwera yekha.

"Achemwali, akuba sanadule waya. Belu ndinalitseka pakamwa ndine."

Mkazi wanga sanakuwe. "Ukanati zakukanika, ndikanagula loko wamkulu. Pita. Usadzagwirenso kanthu m'nyumba muno, ngakhale babu."

Ntchito zinamuthawa, poti mbiri yoipa sidikira basi. Anakalembedwa kwa katswiri wina wachikulire, ntchito yake kukumba ngalande ndi kusenza mapaipi. Zaka ziwiri. Mkuluyo ankanena zomwezomwezo tsiku lililonse: waya wa panja akhale wa khungu lolimba, alowe m'paipi, asalumikizidwe pansi pa dothi, asagone pamodzi ndi waya wa magetsi a m'nyumba. "Chimene wakwirira, mvula idzachiwerenga," ankatero.

Loweruka lililonse mlamu ankabwera kudzatilonjera, n'kuthera pakhonde. Mkazi wanga, amene tsopano ankasokera kwa mnzake, ankamuyankha moni basi.

M'mawa wina anafika ndi khasu, mapaipi ndi mkombero wa waya wakuda.

"Sindikupempha kulowa, achemwali. Ndikupempha kukumba."

"Dothi ndilibe nalo mlandu. Kumba."

Anakumba kuyambira pageti mpaka pakhoma, oyandikana nafe atatsamira mpanda. Atafika pa waya wakale, wobiriwira ndi wofumbutuka, sanamubise. Anamukweza m'mwamba.

"A Injiniya afukula chuma!" anatero mayi uja.

"Ndi changa, mayi. Ndinakwirira ndekha."

Anaika waya mmodzi wosadukiza m'paipi, ndipo pokwera chipilala cha geti anamuteteza ndi paipi yachitsulo kuti wotchetcha udzu asamudule. Nsonga inayo anailowetsa pabowo la pakhoma, kenako anaima pakhomo, poti bokosi linali mkati.

Mkazi wanga anatsegula chitseko.

"Nanga wayayo adzilumikiza yekha? Lowa. Vula nsapato, zadzaza matope."

Atamaliza, mkazi wanga anapita yekha kukakankha geti. Belu linalira mpaka agalu a msewu wonse anayankha.

"Likadzalira popanda chifukwa?" anafunsa.

"Mudzandiitane. Ndidzakumba."

Mkazi wanga anatisiya chaka chatha. Mlamu lero ali ndi ntchito zambiri, ndipo asanakwirire ngalande amaitana mwini nyumba kuti aone. Belu lathu likugwirabe. Limalira iye akamalowa Loweruka, ndipo sathera pakhonde.

Ngati nanu muli ndi chimene munakwirira, musataye mtima. Tengani khasu, kakumbeni kukuwala.