Manja Onunkha Fodya

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kulima dimba, ndipo sindinayambe chifukwa chokonda khasu ayi. Ndinayamba chifukwa cha mkwiyo. Adada anali atamwalira m'dzinja, n'kutisiyira nyumba, kamunda ka chimanga ndi dimba la kudambo, kumunsi kwa mudzi wathu, mbali ya ku Chikomeni. Dimbalo linali laling'ono, koma chitsime chake sichinkaphwa ngakhale dzuwa litaotcha bwanji. Aliyense ankachidziwa chitsimecho, makamaka akulu awo a adada, a Yotamu, amene ife tinkawatchula kuti adada aakulu.

Misozi isanaume n'komwe, adada aakulu anabwera kwathu n'kukhala pampando wa malemu. Anauza amama kuti dimba si chinthu chongoyang'ana ndi maso. Likadzapezeka lopanda kanthu pofika nthawi yofesa nazale ya fodya, adzalitenga iwo, poti ndi nthaka ya banja. Amama anali ndi khanda kumsana, thupi lawonso silinali bwino. Anangoyang'ana pansi n'kuyankha kuti yewo, kutanthauza kuti amva. Ine ndinali pakhonde ndikutsuka mbale, ndipo pakamwa panga panatseguka ndisanaganize.

"Ndilima ine."

Adada aakulu anaseka mpaka kutsokomola. Anati iwe Tiwonge, ngakhale kumene mbewu imatulukira mizu ukudziwako? Kunena zoona sindinkadziwa. Koma kuseka kujako kunandilowa m'mafupa, ndipo ine ndinabadwa wamakani, amama amatero mpaka lero.

Ndinasankha matimati, chifukwa ndiwo ankayenda malonda pamsika wa ku Lundazi. Mbewu ndinaipeza m'kachitini ka adada. Ulendo woyamba ndinaikwirira mozama ngati ndikubzala nyemba, ndipo palibe chimene chinamera. Wachiwiri inamera bwino, koma ndinkathirira m'mawa, masana ndi madzulo, ngati madzi ndiwo chikondi, mpaka timbande tambiri tinaola m'tsinde n'kugona. Zotsala pang'ono zinadyedwa ndi mbuzi, poti mpanda unali ndi chiboo chimene ine sindinachione. Sindinafunse munthu aliyense. Ndinkaona ngati kufunsa n'kuvomereza kuti adada aakulu ananena zoona.

Ulendo wachitatu mbande zinakula, ndinaziokera m'mabedi, ndipo zinagwira. Ha, mmene ndinkayendera masiku amenewo, mukanati dambo lonse ndi langa. Ndinakumbuka kuti adada ankathira zinyenyeswa za fodya m'munda wa chimanga ngati manyowa, ndiye nanenso ndinasesa m'chigafa cha adada aakulu, momwe ankaumitsiramo fodya, n'kukathira zinyenyeswazo patsinde la matimati alionse. Inali nyengo yosankha fodya, ndipo ana onse a pabanja tinkagwira ntchitoyo tikaweruka kusukulu. Tinkakhala pansi m'chigafa, kusankha masamba ndi kuwamanga, mpaka zala zinkada ndi utomoni wake. Tikangomaliza ndinkathamangira kudimba, manja ali chomwecho, kukachotsa tinthambi ndi kumangirira matimati anga kumitengo.

Kenako masamba anayamba kupota. Anachita mawangamawanga achikasu, nsonga zinafinyika, maluwa n'kumayoyoka asanabereke. Ndinawonjezera madzi, osasintha. Ndinawonjezera zinyenyeswa za fodya zija, zinthu n'kumaipiraipira. Akazi awo a adada aakulu anayamba kuuza anthu kuti ndili ndi dzanja lotentha, chilichonse chimene ndingagwire chimafa. Mawuwo anafala msanga. Mayi wina kuchitsime anandilanda ndowa yake ndisanamuthandize kusenza. Ndinalira tsiku limenelo, koma ndinakalirira kuseri kwa mpanda kuti asandione.

Kumeneko ndi kumene anandipeza a NyaZimba, mayi wa dimba loyandikana ndi lathu, amene ankapita ndi matimati awo kumsika panjinga. Anali mayi wamfupi, wapakamwa, wosadziwa kunyengerera. Sanandifunse chimene ndinkalira. Analowa m'dimba, anatembenuza tsamba limodzi ndi kamtengo, anafukula patsinde ndi phazi, kenako anandigwira dzanja n'kulinunkhiza.

"Mwana iwe, ukulima matimati kapena ukuwasutitsa fodya?"

Anandifotokozera kuti fodya ali ndi matenda ake amene chimanga sichiwamva, koma matimati akangowakhudza basi, apita. Matendawo amayenda m'zinyenyeswa, m'manja, ngakhale m'zovala. Anati n'chifukwa chake amuna awo, amene ankasuta ngati ng'anjo, sankaloledwa kudutsa pachipata cha dimba lawo, ankangoima kunja n'kumakuwa ngati wobwereka moto. Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kale, poti ankandiona tsiku ndi tsiku. Anandiyankha kuti safunsa anadya phula, ndipo iwo sathamangitsa munthu ndi nzeru ngati akuthamangitsa nkhuku.

Mankhwala ake panalibe. Anati ndizule zonse, ndiotche, ndipale zinyenyeswa zija n'kukataya kutali. M'mabedi odwalawo ndibzale repu, mpiru ndi anyezi, zimene siziopa matendawo, ndipo matimati ndiyambirenso pakona ina imene fodya sanafikepo. Mbande anati andipatsa iwo. Anandionetsanso zimene ndinkalakwitsa kuyambira pachiyambi: kupisa chala m'dothi ndisanathirire, kuthirira patsinde osati pamasamba, kuphimbira ndi udzu kuti chinyezi chisathawe.

Kuzula matimati amene unawalera ndi manja ako n'kowawa. Ndinazula ndikukukuta mano. Utsi utakwera, anthu a m'mudzi anati mwana uja wagonja, ndipo adada aakulu anamveka akuuza anyamata awo kuti akonzeke.

Mawa lake sindinapite kuchigafa. Adada aakulu atandiitanitsa, ndinapita n'kukaima panja, manja kumbuyo. Kenako ndinagwada n'kuwauza mwaulemu kuti fodya sindimugwiranso mpaka matimati anga atapsa. Lero ndikudziwa kuti kusamba bwino ndi sopo ndi kusintha zovala kukanathandiza, a NyaZimba anali atandiuza zimenezo. Koma sopo kwathu anali wosowa, ndiponso ndinali nditatopa kusankhira fodya munthu amene ankadikira kuti ndilephere. Anandimenya khofi limodzi lomveka mpaka kukhola. Thumba la chimanga limene ankatipatsa chifukwa cha ntchito ya m'chigafa silinabwerenso. Amama sanandikalipire, komanso sanandiyamikire. Ankangochepetsa ufa mumphika, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa khofi lija.

Repu sachedwa. Pofika nthawi imene mphepo yotentha imayamba kuulutsa fumbi, mabedi anali obiriwira, mpiru utatambasuka, ndipo matimati atsopano pakona paja anali ndi maluwa, masamba ake osalala bwino. Tinali titayamba kudya ndiwo za m'dimbamo, ndipo a NyaZimba anali atanditengerako mitolo ingapo kumsika. Ndinaganiza kuti nkhani yatha, poti pangano linali lakuti dimba lisakhale lopanda kanthu.

Koma tsiku lina Loweruka m'mawa ndikuthirira, ndinamva ngolo ikubwera. Inali yodzaza ndi mapesi a chimanga. Kwathu, asanafese nazale ya fodya, amaunjika mapesi pamabedi n'kuyatsa kuti moto uphe udzu ndi tizilombo ta m'nthaka. Adada aakulu anatsika, anayang'ana ndiwo zanga, n'kunena kuti masamba a ana si ulimi. Anauza anyamata awo awiri kuti atsitse mapesi. Anyamatawo anayamba kuponya pamwamba pa repu wanga.

Ine ndinaika ndowa pansi, ndinalowa pakati pa bedi lalikulu n'kukhala pansi, mapesi ali mbali zonse. Adada aakulu anandiuza kuti ndichoke. Anabwereza, machesi ali m'manja.

"Yatsani ndili momwemo, adada."

Amayi a m'madimba oyandikana anasiya kuthirira n'kubwera kumpanda. Ndiye ndinaona amama akutsika njira ya kudambo, khanda kumsana, akuyenda pang'onopang'ono monga ankayendera chaka chimenecho. Sindikudziwa amene anakawauza. Analowa pachipata, anapereka moni kwa alamu awo mwaulemu wonse, anatola ndowa yanga ija n'kukatunga pachitsime. Kenako anayamba kuchotsa mapesi limodzilimodzi ndi kuthirira repu, kuyambira pafupi ndi mapazi a adada aakulu.

"Alamu," anatero osakweza mawu, "munati likadzakhala lopanda kanthu. Ichi ndi chakudya cha ana a mng'ono wanu."

Adada aakulu anayang'ana amayi aja kumpanda, anayang'ana amama, n'kubweza machesi m'thumba. Kuotcha chakudya chili m'munda anthu akuona, ngakhale iwo sakanatha. Anauza anyamata kuti akweze mapesi, ngolo inatembenuka. Nazale yawo anakafesa kumtunda kwa dambo, kumene ankachita kutunga madzi patali, ndipo sanandilankhulenso mpaka ndinamaliza sukulu. Sizinandidetse nkhawa, ndipo ngakhale lero sindipepesa.

Kwa zaka zambiri ndinkaifotokoza nkhaniyi ngati ya kulimba mtima kwanga. Tsopano ndakula, ndalima madimba ambiri, ndaphanso mbewu zambiri, ndipo ndikuiona mwina. Makani ndinali nawo kuyambira tsiku loyamba, koma makani okhawo ndiwo anaoletsa mbande ndi kudwalitsa matimati, chifukwa ankandiletsa kufunsa. Chimene chinapulumutsa dimba n'chakuti ndinalola munthu wodziwa kundinunkhiza manja, ndinazula zimene ndinalakwitsa, n'kuyambiranso nthawi ikadalipo. Amama anatha kuima pamaso pa alamu awo chifukwa panali chobiriwira choti athirire. Ngolo ija ikanapeza matimati opota aja, adada aakulu akanayatsa machesi, ndipo ine ndikanadzuka ndekha n'kuwapatsa njira.