Chimanga chakumunsi kwa mango

Mwaswera bwanji nonse.

Lero Lachitatu cha m'ma teni koloko abweranso alangizi a zaulimi aja anatenga dothi la m'munda mwathu kuno ku Kasenengwa. Chimanga chakumunsi chija chafiira n'kupinimbira, chimene ena mumati n'chizindikiro choti malemu amuna anga, bambo a Tiwonge, akudandaula kuti tachedwetsa chiliza, akuti vuto lake ndi mtovu wa m'mabatire.

Mukukumbukira kuti malemu ankakonza mabatire a galimoto ndi a sola pansi pa mango paja, otheratu n'kumawaswa, n'kutaya kudzenje. Mvula yakhala ikukokolera zonsezo m'munda. Alangizi angokumba pang'ono ndi khasu langa, n'kutulutsa kachitsulo kotuwa kolemera. Ndakazindikira. Malemu akamaliza ntchito ya mabatireyo, madzi osamba m'manja ndinkawathirira ndine.

Akuti mtovu umalowa m'mbewu, ndipo umaononga kwambiri ubongo wa ana. Andiuza kuti ndithire laimu, manyowa ndi makala osinja, zimagwira poizoniyo kuti mizu isamayamwe wambiri. Koma chakumunsicho chaka chino asadye munthu, ngakhale nkhuku.

Alamu a Zulu, munati pa chiliza tidzaphike chimanga cha m'munda wa mbale wanu. Chakumtunda akuti chili bwino, koma n'chochepa, sichingakwane anthu onse. Tiitane anthu ochepa, kapena khomo lililonse libweretseko kathumba? Nenani maganizo anu.

Ine ndatchinga dzenje lija ndi minga kuti adzukulu asamasewereko, ndipo ndayamba kusinja makala.